Phunziro la Mwezi Uno: Petulo Woyenera Njinga ya Moto

Mwezi wathawu mphunzitsi wina wa ku dera la Ngerenge, m'boma la Karonga, anatiimitsa pa mseu ndi funso. Iye wagula njinga ya moto ndi ndalama zimene anasunga zaka zitatu. Mng'ono wake, amene agwira nchito ku Johannesburg, atamva za njingayo anatumiza mau akuti, "Achimwene, muzithira petulo wa 95 yekha, pakuti wa 93 ngwofooka." Koma mphunzitsiyo atafika pa pampu pa Boma sanapezepo 95 kapena 93. Anapeza petulo wa mtundu umodzi basi. Tsono anatifunsa kuti, "Kodi manambala amenewa ngachiani? Kodi njinga yanga iri kuonongeka ndi petulo wa kuno?"

Funso limeneli si la munthu mmodzi ai. Masiku ano njinga za moto zachuluka m'midzi mwathu. Anyamata a kabaza adyetsa nazo mabanja ao, alangizi a zaulimi ayendera nazo minda, ndipo odwala ambiri afika ku chipatala pa njinga zomwezi. Njinga ikafa, chuma cha banja lonse chagwa. Nchifukwa chake taganiza kuti phunziro la mwezi uno likhale yankho la funsoli.

1. Zimene zichitika m'kati mwa injini

Kuti timvetse za petulo tiyenera kuyamba tadziwa mmene injini imdyera. M'kati mwa injini muli chibowo chonga mtondo, dzina lake silinda. M'silindamo muyenda chitsulo chokwera ndi kutsika monga munsi, dzina lake pisitoni. Pisitoni ikamatsika ikoka mpweya wosakanizika ndi nthunzi ya petulo. Ikamakwera ipanikiza mpweyawo m'kamalo kakang'ono pamwamba. M'njinga zazing'ono zimene tiziona kuno, malo a mpweyawo achepa ka 9 kapena ka 10.

Mpweya ukapanikizidwa utentha. Ana a sukulu onse adziwa ichi, pakuti pampu yopopera njinga yakapalasa itentha m'manja munthu akapopa msanga msanga.

Pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, pulagi ithetheka. Moto uyambira pa pulagipo nufalikira mbali zonse mwadongosolo, monga moto wa lupsa uyenda pa dambo kuchokera pamene mwayatsa. Motowo ukankha pisitoni, pisitoni itembenuza gudumu. Injini yoyenda motere ilira bwino.

Koma nthawi zina nthunzi ya petulo imene iri m'mphepete, kutali ndi pulagi, silindira kuti moto uipeze. Chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, iphulika yokha mwadzidzidzi. Kuphulikako kumenya pisitoni ndi zipupa za silinda monga nyundo. Wokwera amva kaphokoso konga timiyala togwedezedwa m'chitini, makamaka pokwera chitunda kapena pokoka mafuta mwamphamvu. Kumeneku ndiko kugogoda kwa injini. Kugogoda kwa kanthawi sikupha njinga, koma kukapitirira masabata ambiri injini itentha kopambana, mphete za pisitoni zithyoka, ndipo mutu wa pisitoni ukhoza kudyeka kapena kubooka kumene.

2. Nambala ya okiteni

Petulo wina apirira kupanikizidwa, wina aphulika msanga. Nambala ya okiteni ndiyo muyeso wa kupirira kumeneku, ndipo iribe tanthauzo lina.

Muyesowu unapangidwa ku America m'chaka cha 1927 ndi katswiri wa mankhwala dzina lake Graham Edgar. Iye anasankha mafuta a mitundu iwiri. Oyamba, ochedwa iso-octane, apirira kwambiri, ndipo anawapatsa nambala 100. Achiwiri, ochedwa heptane, aphulika msanga, ndipo anawapatsa nambala 0. Akatswiri akafuna kuyesa petulo amthira m'injini yapadera yoyesera, namfanizira ndi msanganizo wa mafuta awiriwa. Petulo amene agogoda monga msanganizo wa magawo 93 a iso-octane ndi magawo 7 a heptane alandira nambala 93. Nambala yoyesedwa motere ilembedwa ndi zilembo zitatu, RON, ndipo ndiyo imene igwira nchito ku Africa, ku Europe ndi ku Asia.

Pano pali chinthu chimodzi chosokoneza. Ku America ndi ku Canada awerenga nambala m'njira yao, ndipo nambala yao ikhala yotsika ndi 4 kapena 5 pa petulo yemweyo. Petulo amene kumeneko alembedwa 87 afanana ndi 91 wa RON. Chotero mukaona nambala m'buku la njinga, yang'anani ngati pambali pake palembedwa RON.

Kale maiko ambiri ankakweza nambalayi pothira mankhwala a mtobvu m'petulo. Njira imeneyi anaipeza Thomas Midgley m'chaka cha 1921. Pambuyo pake kunadziwika kuti utsi wa mtobvu uononga ubongo wa ana. M'chaka cha 2001 maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anapangana ku Dakar kuleka petulo wotere pofika kutha kwa 2005, ndipo m'chaka cha 2021 dziko lomaliza, Algeria, linamleka. Mukawerenga mau akuti unleaded m'buku la njinga, tanthauzo lake ndi petulo wopanda mtobvu, ndiye amene tigula pa pampu lero.

3. Nambala yaikulu si mphamvu

Apa mpamene anthu ambiri alakwa. Aganiza kuti petulo wa 95 ali ndi mphamvu koposa wa 93, monga mmene feteleza wina aposera mnzake. Sizitero ai.

Taonani chitsanzo. Mankhwala ochedwa ethanol, amene tinena za iwo posachedwa, ali ndi nambala yoposa 100. Komabe lita imodzi ya ethanol iri ndi mphamvu yochepa kuposa lita ya petulo, yopereŵera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nambala njaikulu, mphamvu njochepa. Zinthu ziwirizi nzosiyana.

Injini iri yonse inapangidwa kuti ipanikize mpweya pa mlingo wake. Injini ya galimoto kapena njinga yamjaha ipanikiza kwambiri, motero ifuna petulo wopirira kwambiri. Njinga yaing'ono yonyamula anthu ndi katundu ipanikiza pang'ono, ndipo mabuku a njinga zotere kawiri kawiri achula nambala yapafupi ndi 90 kapena 91. Mukaipatsa petulo wa nambala yochepera pamenepo, igogoda. Mukaipatsa wokwanira, iyenda bwino. Mukaipatsa woposa, iyendabe monga poyamba, osathamanga koposa, osasunganso mafuta. Kuli monga mpanda wa khola: mpanda wautali mokwanira utsekereza mbuzi, ndipo kuonjezapo mitengo ina pamwamba sikunenepetsa mbuzizo.

Lamulo ndi ili: musatsike pansi pa nambala yolembedwa m'buku la njinga yanu, ndipo musataye ndalama kufunafuna nambala yoposa.

4. Petulo wa ku Malawi

Dziko lathu liribe zitsime za mafuta kapena fakitale yoyengera mafuta a pansi. Petulo wathu afika pa sitima za pamadzi ku madoko a Beira ndi Nacala m'dziko la Mozambique, ndi Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Magalimoto a mafuta amene tiwaona alikudutsa pa mlatho wa Songwe ndi kutsata mseu wa M1 kupyola Karonga achokera ku Dar es Salaam.

Bungwe la Boma loyang'anira mafuta ndi magetsi, la MERA, ndilo lipereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta ndi kulengeza mtengo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo liika miyeso ya ubwino wa katundu. Chotero petulo wa pa pampu yololedwa ali pansi pa malamulo, ndipo nambala yake ikwanira njinga zazing'ono zimene tikwera kuno.

Pali chinthu china chimene tiyenera kunyadira. Kuyambira chaka cha 1982 dziko la Malawi lisanganiza petulo ndi ethanol wopangidwa kuno konkuno. Ethanol achokera ku madzi akuda onga uchi amene atsala popanga shuga wa nzimbe. Fakitale yoyamba iri ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo yachiwiri, ya PressCane, iri ku Chikwawa. Mlingo wosanganiza wakhala ukusintha, pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100, malinga ndi kuchuluka kwa ethanol. Popeza nambala ya ethanol njaikulu, kusanganizaku kukweza okiteni wa petulo wathu, ndiponso kuchepetsa ndalama zopita kunja.

Koma ethanol ali ndi khalidwe limodzi loyenera kulidziwa: akoka madzi. Petulo wosungidwa miyezi yambiri m'chigubu chosatseka bwino, makamaka nyengo ya dzinja kuno ku nyanja, amwa chinyezi. Madzi akachuluka, ethanol apatukana ndi petulo natsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Petulo wotsala pamwamba wataya okiteni wake, ndipo zapansizo zichititsa dzimbiri m'thanki ndi kutseka kabureta.

5. Chifukwa chake ife a ku Karonga tiyenera kuchenjera

Petulo yemweyo akhoza kugogoda malo ena koma osagogoda malo ena. Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo zonse zitikhudza.

Choyamba ndi kutsika kwa malo. Ku mapiri mpweya ngwopepuka, motero injini ikoka mpweya wochepa ndipo kupanikizika kuchepa. Ku chigwa mpweya ngwolemera, ndipo injini ipanikiza mokwanira. Mzinda wa Johannesburg uli pa mtunda woposa mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nchifukwa chake kumeneko agulitsa 93 pambali pa 95. Karonga ali pa mamita osafika 500. Chitipa ali pa mamita oposa 1,200. Njinga imene iyenda chete ku Chitipa ikhoza kuyamba kugogoda itatsikira ku nyanja.

Chachiwiri ndi kutentha. Tonse tidziwa dzuwa la mwezi wa October ndi November kuno. Njinga zathu zambiri zizizira ndi mphepo yokha, imene iwomba pa timapiko ta chitsulo tozungulira silinda. Timapikoti tikamatidwa ndi matope a ku madimba a mpunga, injini siizizira, ndipo petulo aphulika msanga.

Chachitatu ndi katundu. Njinga yonyamula matumba awiri a mpunga wa Kilombero kuchokera ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya, ndiponso mwini mpunga atakhala pamwamba, igwira nchito yoposa msinkhu wake. Wokwera akakwera chitunda pa giya yaikulu, injini irikuyenda pang'ono pang'ono koma mafuta atatsekulidwa onse, pamenepo mpamene kugogoda kubwera. Oyenda mseu wa ku Chitipa ndi okwera phiri la Chiweta akumbukire ichi.

6. Petulo wa m'mabotolo

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu. Pa pampu palibe chosankha, pakuti petulo ndi mmodzi. Kusankha kwenikweni kumene ife tichita kuli pakati pa pampu ndi botolo la m'mbali mwa mseu.

Tidziwa chifukwa chake anthu agula m'mabotolo. Midzi yambiri iri kutali ndi pampu. Ndiponso m'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012, ndi kuyambiranso 2022, anthu anagona pa mizere, ndipo ogulitsa m'zigubu anachuluka, ena akuolotsa mafuta ku Tanzania m'njira zachidule. Si onse ogulitsa m'mabotolo amene ali achinyengo. Koma botolo liribe chiphaso, ndipo palibe munthu amene analiyesa. Lamulo la dziko siriloleza kugulitsa mafuta popanda chiphaso.

Chinyengo chofala ndicho kuthira parafini m'petulo kuti achuluke. Parafini ali ndi okiteni wotsika zedi, motero ngakhale wochepa atsitsa nambala ya botolo lonse. Ndiponso parafini ngwolemera, sasanduka nthunzi msanga monga petulo. Wina sayaka, atsetsereka m'zipupa za silinda, natsuka oilo woteteza pisitoni, nagwera pansi kukasungunula oilo wa m'injini. Wina ayaka moperewera nasiya mwaye pa pisitoni ndi pa pulagi. Mwayewo uchepetsa malo a pamwamba pa pisitoni, kupanikizika kukula, ndipo kugogoda kuonjezeka. Dizilo akathiridwa m'petulo achita zomwezo.

Ine ndinaziona ndekha chaka chatha. Ndinakwera kabaza kupita ku msonkhano wa alimi cha ku Kaporo. Pa njira mafuta anachepa, ndipo mnyamata woyendetsa anagula botolo pansi pa mtengo wa mango. Tisanapite patali njinga inayamba kulira ngati chitini cha timiyala, utsi ukutuluka kumbuyo. Pobwera tinaima kwa makaniko wina wachikulire. Iye anamasula pulagi, naipeza yakuda bii. Ananunkhiza kamtengo koyesera oilo, napukusa mutu nati, "Mwana wanga, njinga yako waisandutsa nyali. Pano wapulumutsa pang'ono, koma ukapitiriza udzagula pisitoni." Mnyamatayo anataya oilo yense amene anathira sabata lomwelo, ndipo nchito ya tsiku lonse inapita pachabe. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mwakakamizika kugula m'botolo, yesani motere:

(a) Donthezani madontho awiri pa pepala loyera, ndipo dikirani mphindi zochepa. Petulo weniweni auma osasiya banga la mafuta. Wosanganiza ndi parafini kapena dizilo asiya banga lonyezimira.

(b) Nyamulani botolo ku kuwala ndi kuyang'ana pansi pake. Madzi akhala pansi, ndipo muona mzere wolekanitsa. Petulo wachimbuuzi ali ndi madzi, msiyeni.

(c) Donthezani pang'ono pa chala. Petulo azizira nauma msanga. Parafini atsalira, chala chiri noninoni, ndipo fungo lake la nyali lidziwika.

(d) Sefani ndi kansalu koyera pothira m'thanki, kuti mchenga ndi zinyalala zitsale.

Poyesa zonsezi pasakhale fodya woyaka kapena mbaula pafupi. Petulo asasungidwe m'nyumba yogona, kapena m'botolo la zakumwa pamene ana afikira.

7. Injini ikagogoda

Mukamva kugogoda musapitirize ngati simunamve. Bwezani mafuta pang'ono, ndipo tsikirani ku giya yaing'ono kuti injini ipepukidwe. Kawiri kawiri phokosolo lileka pomwepo. Ngati dzuwa lakula ndipo katundu ngwolemera, imani pa mthunzi injini ipume.

Kenaka dzifunseni kumene munagula mafuta. Ngati anali a m'botolo, khuthulani thanki ndi kuthira a pa pampu, ndipo ngati oilo anunkha parafini msintheni.

Koma si nthawi zonse pamene mlandu uli wa petulo. Njinga ikagogodabe ndi petulo wabwino, pitani nayo kwa makaniko kuti aone zinthu izi: ngati pulagi ndi ya nambala yolembedwa m'buku, ngati kabureta siipereka mafuta ochepa, pakuti ena aifinya dala kuti asunge petulo ndipo potero atenthetsa injini, ngati moto wa pulagi suthetheka nthawi isanakwane, ndi ngati mwaye sunaunjikane pa pisitoni. Tsukaninso matope pa timapiko ta silinda, injini itazizira.

Musathire m'thanki mankhwala a njenjete, kachasu kapena zina zimene anzanu akuuzani kuti zionjeza mphamvu. Kachasu ali ndi madzi ambiri. Ndiponso njinga zambiri za kabaza ziri ndi malo akeake a oilo, motero oilo sathiridwa m'petulo ai, kupatula ngati buku la njingayo litero.

8. Yankho kwa mphunzitsi

Aphunzitsi, mtima ukhale pansi. Mng'ono wanu anakufunirani zabwino, koma njinga yanu siifuna 95. Tsekulani buku limene munalandira pogula, ndipo mupeza nambala yake pa tsamba la mafuta. Petulo wa pa pampu pa Boma, pa Chilumba kapena pa Songwe aikwanira. Mukapita pa Boma kukalandira malipiro dzazani thanki, kuti musagwidwe ndi botolo pa njira. Munachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Mafunso a m'kalasi

Tipempha aphunzitsi kuti awerenge phunziroli ndi ana a makalasi apamwamba, ndipo anawo akafotokozere makolo ndi achibale ao m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka.

1. Kodi kugogoda kwa injini nchiani, ndipo kumveka bwanji?
2. Kodi nambala ya okiteni iyesa chiani?
3. Perekani chitsanzo choonetsa kuti nambala yaikulu si mphamvu.
4. Kodi ethanol wa m'petulo wathu apangidwa kuti, ndipo achokera ku chiani?
5. Chifukwa ninji njinga igogoda msanga ku Karonga kusiyana ndi ku Chitipa?
6. Chulani zoipa ziwiri zimene parafini achita m'injini.
7. Fotokozani mmene mungayesere petulo ndi pepala loyera.

Owerenga amene ali ndi mafunso ena a za njinga alembere kwa Mkonzi, ndipo tidzayesa kuwayankha m'miyezi ikudzayi.